Kufunafuna yoga ndi malo opumulira m'boma la Neno

Mphunzitsi kapena namwino amene wangotumizidwa kudzagwira ntchito ku Neno kuchokera mumzinda amafika ndi mafunso amene mbadwa za kuno sizifunsa kawirikawiri. Limodzi mwa mafunsowo masiku ano ndi lakuti kalasi ya yoga ingapezeke kuti. Achinyamata a m'mawodi nawonso akumaona pa Facebook ndi pa TikTok anthu atakhala pa timikeka, miyendo atapinda, maso atatsinzina, ena atapita kukabindikira sabata yathunthu kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kuti akapumitse maganizo.

Yankho lachidule ndi lakuti makalasi okhala ndi mphunzitsi wolipidwa ndi chipinda chakechake ndi zinthu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Munthu woyenda pa Boma, pa Ligowe kapena pa Zalewa asayembekezere kuona chikwangwani cha yoga pakati pa maokala. Koma zimene anthu a mumzinda amalipira m'makalasi amenewa n'zinthu zinayi zokha: kuwongola thupi, kupuma mpweya mwadongosolo, kukhala chete kwa kanthawi, ndi kuchitira zimenezi pamodzi ndi anzawo. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chikudikira msewu wa tara.

Kumene yoga inachokera

Yoga inachokera ku India. Dzinali ndi la chiyankhulo chakale cha Sanskrit, ndipo tsinde lake limatanthauza kulumikiza kapena kumanga pagoli, monga mmene mwini ngolo amamangira ng'ombe ziwiri kuti zikoke mogwirizana. Pankhaniyi ng'ombe ziwirizo ndi thupi ndi maganizo. Buku lotchuka la Patanjali lotchedwa Yoga Sutra, lolembedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, limanena zochepa kwambiri za kupinda thupi. Nkhani yake yaikulu ndi kukhazika mtima pansi. Yoga ya masewera imene ikuoneka m'mafoni inakula m'zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera mwa mphunzitsi wina dzina lake Krishnamacharya, amene ankaphunzitsa mumzinda wa Mysore m'ma 1930, ndiponso mwa ophunzira ake. Mmodzi wa ophunzirawo, B.K.S. Iyengar, anali wodwaladwala paubwana wake, ndipo anadzatchuka chifukwa chogwiritsa ntchito mipando, malamba, mabulangete ndi timatabwa pothandiza anthu owuma thupi ndi odwala. Choncho zithunzi za atsikana opindika ngati nsungwi yaiwisi zisanamize munthu kuti yoga ndi ya ofewa mafupa okha.

Pa 11 Disembala 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa tsiku la 21 Juni kukhala tsiku la yoga padziko lonse, ndipo linakumbukiridwa koyamba m'chaka cha 2015. M'chaka cha 2016 bungwe la UNESCO linaika yoga pamndandanda wa miyambo yofunika kuisunga. Pamndandanda womwewo pali Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa, ndipo nsima inalowapo m'chaka cha 2017.

Mlimi angafunirenji masewera?

Funso limeneli n'loyenera, ndipo amene amaliseka sanagwirepo khasu. Mayi amene wadzuka mbandakucha, watunga madzi, wapalira mizere mpaka dzuwa lafika paliwombo, kenako wasenza mtolo wa nkhuni kutsika nawo phiri, sangauzidwe kuti thupi lake likusowa ntchito. Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza zomwezo: mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi yekha mwa khumi ndiye anali wosagwiritsa ntchito thupi mokwanira. Muyeso wa WHO wakuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pasabata, mlimi wa kwa Dambe amaupitirira lisanafike Lachitatu.

Kafukufuku yemweyo anapezanso chinthu china chodetsa nkhawa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a msinkhu umenewo anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa n'komwe. Vutoli silinali la m'tauni mokha. Ndiye kuti thukuta la kumunda, ngakhale ndi lothandiza, silimtchinjiriza munthu ku chilichonse.

Vuto la ntchito ya kumunda ndi lakuti imabwereza chinthu chimodzimodzi. Msana umawerama mbali imodzi kwa maola ambiri, khosi limapanikizika ndi ndowa, mawondo amalandira kulemera kwa thumba la mbatatesi pamtsetse. Minofu ina imagwira ntchito mopyola muyeso pamene ina imauma chifukwa chosatambasulidwa. Kupweteka kwa msana kumene ambiri amangoti ndi ukalamba kawirikawiri kumachokera pamenepa. Apa ndi pamene yoga ili ndi umboni wooneka: kafukufuku wochitika m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti kwa anthu amene msana wakhala ukuwapweteka kwa miyezi, yoga imachepetsako ululu ndi kuwathandiza kugwira ntchito zawo. Phindulo si lozizwitsa, ndipo silisiyana kwenikweni ndi la masewera ena owongola msana. Pa kuthamanga kwa magazi, yoga imatsitsako pang'ono, koma osati mofika polowa m'malo mwa mankhwala.

Palinso okalamba. WHO imalangiza kuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera ophunzitsa thupi kuima mosagwedezeka masiku atatu pasabata, pofuna kupewa kugwa. M'dera la mapiri, momwe njira ya kuchigayo imadutsa pamiyala yoterera, gogo akagwa n'kuthyoka chiuno, banja lonse limaima.

Ndipo si onse ku Neno amene ali alimi. Wa m'ofesi, telala, wogulitsa m'golosale ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amatha tsiku atakhala pansi. Amenewa akufunika zonse ziwiri, kuwongola thupi ndi kutuluka thukuta, ndipo pa chachiwirichi mpira wamiyendo, mpira wamanja, kuyenda ndawala ndi kuvina ngoma zimaposa yoga.

Poyambira ndi kuchipatala

Makalasi abwino a mumzinda amayamba ndi kufunsa wophunzira watsopano za matenda amene ali nawo. Pambali imeneyi anthu a ku Neno ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno ndi dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali m'chaka cha 2007. M'chaka cha 2015 anayambitsa kiliniki imodzi yoonera pamodzi matenda amgonagona, imene ambiri amaitchula kuti IC3, momwe wodwala shuga, mphumu, khunyu, kuthamanga kwa magazi, matenda a maganizo ndi amene ali ndi HIV amaonedwa pamalo amodzi tsiku limodzi. Ntchitoyi inafalikira m'zipatala zonse 14 za m'bomali, kuphatikizapo chipatala chachikulu cha pa Boma ndi cha Lisungwi. M'zipatala ziwiri zimenezi munatsegulidwanso makiliniki a matenda ovuta kwambiri, monga shuga wofuna jakisoni tsiku ndi tsiku ndi matenda a mtima.

Choncho munthu amene akufuna kuyamba masewera alionse, makamaka ngati wapitirira zaka 40, wanenepa, kapena amamva chizungulire ndi kupuma mobanika, ayambe wakayezetsa. Kuyeza kuthamanga kwa magazi kumatenga mphindi zochepa ndipo sikupweteka. Nambala yam'mwamba ikamafika pa 140 kapena yam'munsi pa 90 pamasiku osiyana, ndiye kuti pali vuto lofunika chithandizo, ngakhale mwini wake akudzimva wamphamvu ngati njati. Matendawa ndi kamba ka zimenezi amaopsa: samalira. Woyezedwayo afunse wachipatala mosabisa kuti ndi masewera ati amene angachite ndi amene asachite. Ogwira ntchito ya mafizo ndiwo odziwa bwino za msana ndi mawondo, ndipo zambiri zimene amaphunzitsa odwala zimafanana ndi zimene zimachitika m'kalasi ya yoga.

Amene apatsidwa mankhwala apitirize kumwa. Mfundo imeneyi ilibe kukambirana. Munthu akaona mnzake kukamwa kwapindikira mbali imodzi, dzanja lafooka mwadzidzidzi, kapena mawu akutuluka osamveka, imeneyo si nthawi ya kupuma mpweya mwadongosolo kapena kutikita. Ndi nthawi yofunafuna galimoto kapena njinga yamoto.

Kupuma

Chichewa chili ndi mawu amodzi otanthauza kukoka mpweya ndi kuleka ntchito kwa kanthawi. Madokotala angavomereze kuti ziwirizi n'zolumikizanadi. Munthu akachita mantha kapena akadzazidwa ndi maganizo, thupi limakonzekera kuthawa kapena kumenyana: mtima umagunda msanga, mpweya umangofika pachifuwa, mapewa amakwera, tulo timathawa. Zimenezi n'zothandiza pamene munthu wakumana ndi njoka panjira. Zimawononga pamene chomuopsa ndi ngongole ya feteleza, fizi ya mwana kapena nkhokwe yopanda kanthu, chifukwa zoterezi sizichoka pakatha mphindi zisanu. Kupuma pang'onopang'ono, mpweya ukufika m'mimba, kumadzutsa mbali ina ya mitsempha imene imabweza mtima pamalo pake.

Zimenezi zinayesedwa kale kuno komwe. WHO inakonza njira yothandizira anthu ovutika maganizo yotchedwa Problem Management Plus, imene ingaphunzitsidwe ndi alangizi omwe si madokotala. Imachitika m'mikumano isanu, kamodzi pasabata, ndipo phunziro loyambirira ndi kupuma pang'onopang'ono; kenako amaphunzira kugawa vuto lalikulu m'zidutswa zotheka kuthana nazo, kubwerera ku ntchito zimene anazisiya chifukwa chokhumudwa, ndi kulimbitsa ubale ndi anthu owazungulira. Njirayi inayesedwa m'magulu m'zipatala za boma la Neno, pamodzi ndi mankhwala kwa amene ankafunikira, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2024 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Zinasonyeza kuti matenda okhumudwa anachepa kwambiri mwa amene analandira chithandizocho. Mwa njira ina, chinthu chimene alendo amalipira madola kuti akachiphunzire kunyanja, amayi ndi abambo a m'midzi ya kuno anachiphunzira pakhonde la chipatala, ndipo dziko linawerenga za iwo.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Munthu akhale pampando kapena pamphasa, msana utawongoka koma osaumitsa, mapewa atagwa. Aike dzanja limodzi pamimba, lina pachifuwa. Akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga chamumtima mpaka 3, kuti dzanja la pamimba likwere pamene la pachifuwa likusuntha pang'ono chabe, kenako autulutse mofatsa akuwerenganso mpaka 3 kapena 4. Apitirize kwa mphindi ziwiri kapena zitatu poyamba, ndipo masiku akamapita afike pa khumi. Maganizo adzathawira kumunda, kumsika ndi ku mawu amene mlamu ananena dzulo. Zimenezo zimachitikira aliyense, ndipo chofunika n'kungowabweza ku kuwerenga popanda kudzikalipira. Wina akamva chizungulire ndiye kuti akukoka mpweya wambiri mofulumira, choncho achepetse. Ndi bwino kuzolowera pamene mtima uli m'malo, m'mawa kapena pogona, kuti tsiku la mavuto thupi lidzakumbukire lokha.

Kupuma kotereku kumathandiza nkhawa za tsiku ndi tsiku. Munthu amene wakhala masabata awiri kapena kuposerapo osasangalala ndi chilichonse, osagona, osadya, kapena amene akuganiza zodzipha, akufunika kuonana ndi achipatala, ndipo achibale amuperekeze osachita manyazi.

Mphasa, khoma ndi mpando

Kamkeka ka pulasitiki kogula mumzinda n'kosafunikira. Mphasa yoyala pamalo osalala, ndi bulangete pamwamba ngati pansi pali pouma, n'zokwanira. Masewera otsatirawa ndi ofatsa, ndipo onse pamodzi amatenga mphindi 15.

Loyamba ndi la msana. Munthu agwade, manja atatsamira pansi molunjika ndi mapewa. Potulutsa mpweya akweze msana m'mwamba ngati mphaka wodzidzimuka, mutu utazolika pang'ono. Pokoka mpweya autsitse mofatsa, chifuwa chikupita kutsogolo. Achite zimenezi kasanu kapena kakhumi, mosathamanga. Akatero abweze matako kuzidendene, manja atatambasukira kutsogolo, mphumi itatsamira pamphasa kapena pamtsamiro, n'kupuma kasanu. Amene mawondo amawavuta alidumphe limeneli, m'malo mwake agone chagada ndi kukokera bondo limodzi kuchifuwa, kenako linalo.

Popeza khasu limaweramitsa munthu kutsogolo tsiku lonse, msana umafuna kupita mbali inayo. Ataimirira, manja atagwira m'chiuno chakumbuyo, munthu apendekere chammbuyo pang'ono kwambiri, n'kubwerera. Zimenezi zingachitike m'munda momwemo pakutha pa mizere ingapo, ndipo mwina ndi mbali ya phunziroli imene ingathandize anthu ochuluka koposa. Kwa osenza katundu pamutu, kutembenuza khosi pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere ndiponso kuzungulitsa mapewa chammbuyo kumamasula minofu imene ndowa yaumitsa.

La okalamba ndi kuima ndi mwendo umodzi, dzanja litagwira khoma kapena mtengo, kwa masekondi khumi, kenako kusintha mwendo. Lina ndi kudzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi osagwira ndi manja ngati n'kotheka. Pomaliza onse agone chagada, mawondo atapinda, maso atatsinzina, kwa mphindi zitatu. Ambiri amaona ngati mbali imeneyi ndi ulesi. Aphunzitsi a yoga amaitenga kukhala yofunika koposa, ndipo kwa munthu amene thupi lake silidziwa kugona masana pokhapokha atadwala malungo, ndi yovutadi.

Lamulo ndi limodzi: kumva kukoka n'kwabwino, kumva kubaya ndi chizindikiro chosiya. Odwala kuthamanga kwa magazi ndi amene ali ndi vuto la maso asachite masewera ozondotsa mutu pansi, miyendo m'mwamba, ngakhale kanema wa pafoni awaonetse kukhala osavuta, ndipo asamagwire mpweya. Odwala khunyu apewe kupuma kofulumira kumene makanema ena amaphunzitsa, chifukwa kungayambitse kugwa, ndipo azichita masewera kutali ndi moto ndi madzi. Amene amabaya jakisoni wa shuga asachite ndi njala. Amayi oyembekezera asagone chafufumimba, ndipo mimba ikakula asagone chagada nthawi yaitali. Afunse anamwino kusikelo. Amene achitidwa opaleshoni posachedwa adikire chilolezo cha dokotala.

Nyengo nayonso imalamula. Kumtunda, kumadera a Dambe ndi Nsambe, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumaumitsa minofu, choncho ndi bwino kuyamba ndi kuyenda mphindi zisanu. Kumunsi, ku Lisungwi, Zalewa ndi Matope, kutentha kwa Okutobala kumafuna kuti zonse zichitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pafupi.

Nkhani ya chikhulupiriro

Ena amva kutchalitchi kapena kumzikiti kuti yoga ndi kupembedza milungu yachilendo. Nkhawa imeneyi siyenera kunyozedwa, chifukwa ili ndi pochokera. Yoga inakulira m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu, ndipo mpaka lero alipo aphunzitsi amene amayamba kalasi ndi mawu a pemphero la chipembedzocho. Atsogoleri a zipembedzo padziko amasiyana maganizo: ena amaikaniza kotheratu, ena amavomereza masewera ake okha. Alinso Ahindu amene amadandaula kuti yoga ya m'mahotela yatayidwa mtima wake n'kutsala khungu.

Munthu wa m'wodi sayenera kusankha pakati pa chikumbumtima ndi msana wake. Masewera amene afotokozedwa pamwambawa alibe pemphero lililonse, ndipo a mafizo amawaphunzitsa popanda kutchula dzina la yoga. Gulu limene dzinalo likuligawanitsa lingolisiya n'kudzitcha gulu lolimbitsa thupi. Amene akufuna kutsegula ndi pemphero la mpingo wawo atero. Cholakwika n'kumukakamiza wina, kapena kumubisira zimene akulowa.

Kubindikira kopanda madola

Malo ogona alendo ena a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi ndi m'mapiri amakonza masiku angapo a yoga, chakudya chosankhidwa ndi kupumula. Mitengo yake amaikira alendo ochokera kunja ndi anthu a malipiro apamwamba, ndipo kwa banja lodalira manachesi kapena nandolo, nkhaniyo imathera pomwepo. Amene ndalama ali nazo afunsiretu kuti mtengowo ukuphatikiza chiyani, mphunzitsi ndi ndani, ndipo chipatala chapafupi chili kuti.

Komatu kuchoka pakhomo kwa kanthawi n'cholinga chokatsitsimuka si chinthu chachilendo kuno. Akatolika amadziwa m'bindikiro, a Seventh Day amadziwa misonkhano ya misasa, amayi a Mvano ndi a Dorika amakhala ndi misonkhano yogonera. Chimene chimapumitsa munthu m'malo oterewa si kukongola kwa nyumba. Ndi chakuti kwa tsiku limodzi kapena awiri palibe amene akumufunsa za ndiwo.

Poganiza motero, funso limasintha: ndani m'mudzi muno amene sanapumepo chaka chino? Kawirikawiri ndi mayi amene akusamalira mwamuna wofa ziwalo, gogo amene akulera zidzukulu zamasiye, kapena mtsikana amene akudwazika kholo lake. Gulu la banki m'khonde kapena la mpingo lingathe kusankha tsiku limodzi pamwezi, nthawi yokolola itapita, n'kugawana ntchito kuti anthu oterewa amasuke: awiri atsale ndi wodwala, ena aphike, eni akewo apite ndi anzawo pamthunzi wabwino kapena m'kalasi yopanda ana. Dongosolo la tsikulo lisadzaze. Kuyenda pang'ono m'mawa, masewera a pamphasa, chakudya chopanda mchere wambiri, kugona masana, kucheza. Mafoni akhale m'thumba, ndipo pasakhale mlendo wolemekezeka wodzalankhula maola awiri.

Pa za mcherewo, muyeso wa WHO ndi wosafika magalamu 5 patsiku kwa munthu wamkulu, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi umene uli kale mu nsomba zouma. Soda wothira m'therere nayenso angathe kukweza magazi.

Amalonda a umoyo wabwino

Kumene kuli anthu ofuna kuchira, amalonda safika mochedwa. M'misika ndi pa WhatsApp mumapezeka ogulitsa tiyi wotsuka m'thupi, makapisozi ochiza shuga ndi timakina toyeza matenda onse pongogwira dzanja. Ena amayamba ndi masewera aulere kuti asonkhanitse anthu, malonda n'kubwera pambuyo. Ntchito yotsuka m'thupi ili kale ndi eni ake, chiwindi ndi impso, ndipo mankhwala osadziwika bwino angawononge ziwalo zomwezo.

Mphunzitsi woyenera amadziwika ndi zinthu zochepa. Amafunsa za matenda asanayambe, amanena mtengo poyera, sagwira thupi la wophunzira popanda kupempha, ndipo sauza munthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Satifiketi ya yoga, ngakhale yochokera kunja, si chilolezo chochiza. Madokotala amalembetsedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi, ndipo mankhwala amavomerezedwa ndi la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wina akamalonjeza kuchiza shuga kapena HIV ndi masewera kapena ndi botolo, anthu adziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena mkulu wa chipatala chapafupi.

Kuyambitsa gulu m'wodi

Munthu angathe kuchita zonsezi yekha m'nyumba, koma ambiri amene amayamba okha amasiya sabata yachiwiri. Gulu la anthu 8 mpaka 15 ndi lokwanira bwino: ochepa moti wotsogolera amaona aliyense, ochuluka moti awiri akajomba ntchito siima. Wotsogolera sayenera kukhala katswiri, koma akhale wodekha ndi wosunga nthawi. Mphunzitsi wa masewera wa pasukulu, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi kapena wachinyamata wa m'kalabu angakwanitse, makamaka ngati waonetsa kaye masewerawo kwa wa mafizo kapena namwino kuti achotsepo osayenera. Makanema a oyamba kumene alipo ambiri pa YouTube; popeza netiweki ndi yovuta m'madera ena ndipo bandulo ndi yodula, mmodzi akopere pamene pakugwira bwino n'kugawira anzake.

Mwambo uganiziridwe poyambirira pomwe. Mkamwini sangagone chagada pamphasa yoyandikana ndi ya apongozi ake, ndipo amayi ambiri sangamasuke kukweza bondo pamaso pa abambo. Magulu osiyana a amayi ndi abambo, kapena masiku osiyana, amathetsa vutoli. Buluku kapena kabudula wamkati mwa chitenje amathandiza, ndipo malo otchingika amaposa bwalo la mpira pamene ana amaunjikana kudzaseka.

Malo alipo kale: kalasi ya pasukulu ana ataweruka, holo ya tchalitchi, nyumba ya sukulu ya mkombaphala. Chofunika ndi chilolezo cha eni ake, ndiko kuti mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, akulu a mpingo kapena komiti ya mkombaphala, ndipo a nyakwawa adziwitsidwe msanga kuti mphekesera zisayambe gulu lisanayambe. Gulu likafuna thandizo loposa pamenepa lidzere njira ya chitukuko yodziwika: nkhani ipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, kuchoka apo ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, ndipo khansala wa wodi aitengere ku khonsolo. Mapempho a m'midzi nthawi zambiri amakhala a mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu, ndipo m'pake. Pempho la nyumba yochitiramo masewera lingadikire zaka pamzere umenewo. Lopempha kuti achipatala adzayeze anthu kuthamanga kwa magazi pa tsiku limene gulu likukumana, kapena kuti ofesi ya zamasewera iphunzitse otsogolera awiri pa VDC iliyonse, silifuna simenti, ndipo n'losavuta kuliyankha.

Nthawi yabwino yoyambira ndi pamene chimanga chalowa m'nkhokwe, kuyambira Meyi kapena Juni, kuti pofika nthawi yososa ndi kugalauza gulu likhale litazolowera. Mlembi asunge kope la mayina ndi masiku, ndipo amene akufuna alembetse nambala za kuthamanga kwa magazi zimene anawapeza nazo kuchipatala poyamba, kuti adzayerekeze ndi za pakatha miyezi itatu. Mvula ikagwa, mikumano itsike kufika kamodzi pasabata, tsiku limene si la msika.